Makapu 8 a tiyi ndi funso lakuti "Mwadziwa bwanji?"

(Pa tebulo la m'tiyirumu ina pa Bvumbwe pali makapu 8 ofanana, jagi ya mkaka ndi ketulo yofuka nthunzi.)

Moni nonse kulikonse kumene mukutionera. Lero tili ku Thyolo, kuchimake kwa tiyi, ndipo nkhani yathu iyambira m'kapu momwemu.

Cha m'ma 1920, pamalo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England, mayi wina katswiri wa ndere, Muriel Bristol, anakana tiyi amene mnzake wa pantchito, Ronald Fisher, anamuthirira. Anati iye akalawa amadziwa ngati m'kapu munayamba kulowa mkaka kapena tiyi. Fisher sanakhulupirire. Koma m'malo moswera tsiku lonse akukokanakokana, anagwirizana zoti ayese.

Apa ndiye pagona nkhani. Mungayese bwanji?

(Akukweza kapu imodzi.)

Ndikakupatsani kapu imodziyi, inu n'kukhoza, sitinaphunzirepo kanthu. Mayankho alipo awiri okha, ndiye ngakhale munthu wongolota akhoza kulasa. Fisher anakonza makapu 8: anayi oyamba mkaka, anayi oyamba tiyi, n'kuwasokoneza. Wolawayo asankhe anayi amene akuti munayamba mkaka. Njira zosankhira makapu 4 pa makapu 8 zilipo 70, ndipo yolondola ndi imodzi basi. Wongolota angakhoze onse kamodzi kokha pa maulendo 70. Amene analipo tsikulo anasimba kuti mayiyo sanaphonye kapu ngakhale imodzi.

Taonani kusamala kwake. Makapu afanane, shuga afanane, kutentha kufanane. Wolawa asaone pothira. Ngakhale wopereka kapu asadziwe kuti ili ndi iti, chifukwa nkhope imaulula. Kamwetulira kakang'ono chabe kakhoza kumuuza mnzako yankho. Ine chimene chimandisangalatsa pankhaniyi n'chakuti wokayika uja ndi amene anakonza mpata woti mnzakeyo apambane ngati akunena zoona.

(Chithunzi chikusintha: mulu wa mango pamsika, kenako zithaphwi za madzi amvula m'mbali mwa msewu.)

Tsopano tibwere kwathu. Ambirife tinakula tikuuzidwa kuti, "Usadye mango osapsa, udwala malungo." Agogo sankanama dala ayi. Ankaonadi chaka ndi chaka: mango akayamba, ana ayamba kutentha thupi. Maso awo anaona bwino. Koma nthawi ya mango ndi nthawi yomwenso mvula imagwa, madzi amadikha m'maenje ndi m'mapazi a ng'ombe, udzudzu n'kuswana. Mango ndi malungo amangofikira limodzi ngati alendo awiri otsika basi imodzi, pomwe sali pachibale.

Anthu a ku Italy nawonso anasokera chimodzimodzi. Dzina lakuti malaria m'chinenero chawo limatanthauza mpweya woipa, poti ankaona kuti okhala pafupi ndi madambo ndiwo ankadwala kwambiri. Mu 1880 dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, akugwira ntchito ku Algeria, anaona tizilombo ta malungo m'magazi a wodwala. Mu 1897 Ronald Ross ali ku India anatipeza m'mimba mwa udzudzu umene unaluma wodwala. Udzudzu waukazi wa Anopheles ukakuluma usiku, pamapita sabata imodzi kapena ziwiri thupi lisanayambe kuphwanya. Pofika tsikulo zakulumidwa unaiwala kalekale, koma bango limene wadya dzulo ukulikumbukira bwinobwino. N'chifukwa chake bango limasenza mlandu wa udzudzu.

Ndipo zimenezi si zongocheza. Kholo limene likuti vuto ndi mango limaletsa mwana mango, koma neti ili gone m'sutikesi, kapena yatchinga dimba la mpiru.

(Wofotokoza wakhala pansi, akulankhula motsitsa mawu.)

Pali china chimene sindingachilumphe, poti chinachitika konkuno. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, kuno ku Thyolo, mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu. Achinyamata ankatseka misewu n'kumasecha magalimoto. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'maderawa. Anthu anaphedwa, ena chifukwa chongokhala achilendo pamudzi. Mantha aja anali enieni, sindikuwapeputsa. Koma mukafunsa kuti, "Munaona ndi maso anu?" yankho linkakhala lakuti, "Ayi, koma mlamu wanga anamva kwa wina wa kutsidya." Mukapita kutsidyako, nawonso amaloza kwina. Anthu 100 obwereza mawu a munthu mmodzi si mboni 100. Akuluakulu anati safunsa anadya phula; nthawi imeneyo phula lake anadya ndi anthu osalakwa, amene mabanja awo akulira mpaka lero.

Choncho uthenga ukafika pa WhatsApp wakuti chakutichakuti chimachiza shuga, kapena kuti mankhwala ena amakolola matumba owirikiza, funsani mwaulemu: mwadziwa bwanji, munayerekeza ndi chiyani? Ngati ndi za kumunda, n'zosavuta. Thirani mizere ina, ina muisiye, mbewu yomweyo, tsiku lodzala lomwelo, ndipo musaike mizere yonse yothira kumbali kwa chulu kumene nthaka ndi yachonde kale. Pokolola muyeze ndi ndowa imodzi.

(Mayi mwini tiyirumu akubwera, akupukuta manja pachitenje. Mtsikana amene sanaone pothira akuwabweretsera makapu pathireyi.)

Mayi awa akhala akuphika tiyi pano zaka zambiri, ndipo akuti lilime lawo silingawanamize. Tathira tili kuseri, manambala talemba kunsi kwa makapu, pepala la mayankho lili m'thumba mwangamu. Inu amene mukuonera, lembani kaye kuti mukuganiza akhoza angati.

Mayi, pepani takuchedwetsani makasitomala. Yambani ndi iliyonse imene mwaikonda.