Nthenga za nkhukundembo zimabisa zambiri

Zikomo nonse, tikhazikike tiyambe. Ambiri mwamva za mkangano wa sabata yathayi. Mnzathu wina, dzina sinditchula, anagula tambala ndi thadzi a mtundu wa Bronze, nkhukundembo zija zoderako zonyezimira ngati mkuwa padzuwa. Mazira anaswa pa tsiku la 28 monga mwa nthawi zonse, koma pakati pa anapiyewo panatuluka atatu oyera mbee. Munthu uja anathamangira kwa wogulitsa, mawu anakwera, akuti mwandigulitsa zosakaniza. Ena mpaka ananamizira tambala wa aneba. Abale anga, mwina palibe amene anaba kapena kunama. Musamaweruze nkhukundembo poona nthenga zake zokha.

Mwanapiye aliyense amatenga kambewu kamodzi ka chibadwa kwa bambo, kena kwa mayi. Kambewu ka zoyera n'kofooka. Kakakumana ndi ka mtundu kamabisala, mbalame n'kumaoneka Bronze yeniyeni koma ili ndi magazi a zoyera. Ndiye tambala akakhala nako, thadzi nalonso n'kukhala nako, pafupifupi mwanapiye mmodzi mwa anayi aliwonse amalandira timbewu tiwiri ta zoyera, n'kutuluka woyera. Masamu amenewa anawalemba katswiri wa sayansi Gregor Mendel mu 1866 atayesa pa nsawawa. Ndati pafupifupi, chonde. Musapite kukawerenga anapiye asanu ndi atatu n'kubwera kudzandifunsa woyera wachiwiri.

Yoyerayonso imabisa. Pansi pa nthenga zoyerazo pangakhale zakuda kapena zofiira, ndipo mudzaziona pokhapokha mukaikweretsa ndi yamtundu.

Zakuda zili ndi mphamvu kuposa Bronze. Zotuwa zija za Slate n'zakuda zomwezo zimene kambewu kena kazisungunula, n'chifukwa chake mukakweretsa Slate ziwiri, theka la anapiye limafanana ndi makolo, ena amatuluka akuda bii, ena otuwa mombuwirira. Zofiira nazo, Bourbon Red za ku Kentucky ku America, mukazisakaniza ndi Bronze ana amagwera pakatikati. Ndiye pali ena muno amene amagulitsa ana oterewa n'kumati ndi Bourbon Red yeniyeni. Mukudzidziwa, sindiloza chala. Siyani zimenezo, wogulayo adzaona yekha mazira akadzaswa.

Eya mayi, funsani.

"Ine ndinakweretsa tambala wa Narragansett ndi thadzi la Bronze. Misoti yonse inatengera bambo, atambala onse anatengera mayi. N'chiyani chimenechi?"

Mayi, mwafunsa bwino, ndipo khola lanu lilibe vuto. Narragansett, imene dzina lake linachokera ku gombe la ku Rhode Island ku America, ili ndi kambewu koyenda limodzi ndi chimene chimachititsa mbalame kukhala yaimuna kapena yaikazi. Kwa mbalame, yaimuna imakhala ndi makromozomu (tinthu tonyamula timbewu ta chibadwa) awiri ofanana, ZZ, pamene yaikazi ili ndi Z ndi W. Kambewu ka Narragansett kamakhala pa Z, ndipo n'kofooka. Msoti uli ndi Z imodzi yokha, ndipo imeneyo umaitenga kwa bambo. Palibe chophimba kambewuko, ndiye kamaonekera. Mwana wamwamuna amatenga Z kwa bambo ndi Z ina kwa mayi, ya mayiyo ndi ya Bronze, imaphimba inayo. Atambala anu aja akuoneka Bronze koma anyamula Narragansett, ndipo pafupifupi theka la misoti imene adzabereke idzakhala Narragansett, ngakhale mutawapatsa mathadzi a Bronze okhaokha. Mukanatembenuza, tambala wa Bronze weniweni ndi thadzi la Narragansett, ana onse akanaoneka Bronze. Mwaona? Nthenga zokha sizikuuzani zonse.

Ndikuona kumbuyoko ena ayamba kuyasamula, ndifulumire.

Musanayambe kusonkhanitsa mazira, patulani thadzi kwa atambala ena. Thadzi limasunga umuna wa tambala m'thupi kwa milungu yambiri, kupitirira mwezi, ndiye mazira oyambirira angakhale a tambala wakale. Khola limodzi, tambala mmodzi. Dzira lililonse mulilembe ndi pensulo tsiku ndi thadzi lake. Anapiye akaswa amangeni kamphete kamwendo, mulembe m'kabuku mtundu umene abadwa nawo, chifukwa nthenga zaubwana zimasintha. Pogula funsani za makolo ndi agogo ake a mbalameyo, wogulitsa akayamba kukanda mutu mudziwe kuti mukugula mwamwayi. Ngati mukukayikira kuti tambala wanu wanyamula zoyera, mupatseni thadzi loyera. Pakangotuluka mwanapiye woyera, ndiye kuti ali nazo. Achimwene muli ndi kabuku m'manjamo, funso lanu tikambirana tikatuluka panja.