Zala zikalephera kumva mtima: ntchito ya sikani pa nthawi ya CPR

Moni nonse. Vidiyo ya lero ndi ya anamwino, madokotala, ma clinical officer ndi ophunzira zachipatala, ndipo ikukamba za CPR, kukanikiza pachifuwa ndi kuthandiza kupuma munthu amene mtima wake waima.

Wodwala wasiya kupuma, mwamukanikiza pachifuwa mphindi ziwiri, ndipo wotsogolera gulu akuti, "Imani kaye, tione." Muli ndi masekondi 10 okha oti muyankhe funso limodzi: kodi mtima ukupopa magazi? Tonse tinaphunzitsidwa kuika zala pakhosi kapena m'mphechepeche n'kumvetsera. Koma zala zimanama kawirikawiri kuposa mmene ambirife timaganizira.

Mu 1996, ofufuza a ku Mainz m'dziko la Germany anayesa anthu 206 opereka chithandizo choyamba. Anawatengera kwa odwala amene ankachitidwa opaleshoni ya mtima, kumene madokotala ankadziwiratu ngati mtsempha wa pakhosi ukugunda kapena ayi. Pamene mtsempha unkagunda, anthu 45 pa 100 alionse sanaumve. Pamene sunkagunda, 10 pa 100 ananena kuti akuumva. Oyankha molondola masekondi 10 asanathe anali 15 okha pa 100. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kuyambira mu 2000 anthu wamba saphunzitsidwanso kufufuza mtsempha. Munthu akakomoka ndipo sakupuma bwino, amangoyamba kukanikiza.

Zifukwa zake mukuzidziwa. Mwavala magolovesi, mwatopa, mtima wanu womwe ukuthamanga mpaka mukumva kugunda kwa zala zanu n'kumayesa n'kwa wodwalayo. Wodwala akakhala wonenepa, kapena BP yake ikatsikiratu, pamakhala povutirapo.

Apa ndi pamene sikani imalowera, makina a ultrasound omwe aja amajambulira amayi oyembekezera.

[Pa vidiyo: chithunzi cha mtima chojambulidwa pansi pa fupa la pachifuwa]

Njira imene ambiri anayamba nayo ndi kuyang'ana mtima weniweniwo. Monita imatha kuonetsa mizere ya magetsi a mtima yooneka bwino, zala osamva kanthu. Ndiyo PEA imeneyo. Mukaika probe, kachida ka sikani kamene mumakagunditsa pathupi, mupeza kuti mwa odwala otere muli magulu awiri. Ena mtima wangoti zii, sukusuntha. Ena ukufinya ndithu, koma mofooka moti kugunda kwake sikufika pa zala. Kafukufuku wa REASON wa mu 2016, amene anatsata odwala 793 m'zipatala 20 za ku United States ndi Canada, anapeza kuti mwa amene mtima unkasuntha, 3.8 pa 100 anatuluka m'chipatala ali moyo, pomwe mwa amene unali chete anali 0.6 pa 100. Chonde onetsetsani nambala yachiwiriyo. Ndi yochepa, koma muli anthu amene anabwerera kwawo. Chithunzi chimodzi cha mtima wosasuntha chisakhale chifukwa chokhacho chosiyira CPR.

Sikani ya pamtima imaonetsanso zinthu zoti mungathe kuzikonza pompo, makamaka madzi amene adzaza m'thumba la mtima n'kuupanikiza. Kuno kwathu, kumene TB ndiyo imadzetsa madzi otere kawirikawiri, chimenechi n'choyenera kuchifunafuna.

Koma pali mtengo wake, ndipo ndi umene umandidetsa nkhawa kwambiri. Mu 2017, ofufuza a ku University of Maryland anaonera mavidiyo a CPR m'chipatala chawo. Popanda sikani, gulu linkaima pafupifupi masekondi 13. Ndi sikani linkaima masekondi 21. Maso a aliyense amakhala pa sikirini, wojambula akufunafunabe chithunzi chabwino, ndipo nthawi yonseyo ubongo wa wodwala sukulandira magazi. Mukayambiranso, pamatenga kukanikiza kangapo kuti mphamvu ya magazi ibwerere pamene inali.

N'chifukwa chake ena anachotsa probe pachifuwa n'kuisamutsira pa mtsempha.

[Pa vidiyo: probe yathyathyathya itaikidwa mopingasa pakhosi]

Pakhosi muona mitsempha iwiri yoyandikana: carotid, wochokera kumtima, ndi jugular, wobwerera kumtima. Dinikizani probe mpaka jugular aphwe. Carotid amene muli mphamvu ya magazi amakana, amakhalabe wobulungira, ndipo mumuona akugunda. Akaphwa naye limodzi ngati paipi yopanda madzi, osagunda, bwererani pachifuwa msanga. Ubwino wake ndi woti malowo mumawapeza anzanu akadali kukanikiza, ndiye akangoima yankho limaoneka m'masekondi ochepa.

M'mphechepeche, pa mtsempha wa femoral, mungagwiritse ntchito Doppler, imene imayeza liwiro la magazi. Mu 2022, gulu la Allison Cohen pa North Shore University Hospital ku New York linayerekeza Doppler ndi zala pa odwala 54 amene anali ndi kachubu koyezera BP mkati mwa mtsempha. Doppler inalondola maulendo 95 pa 100, zala 54 pa 100. Anapezanso kuti liwiro la masentimita 20 pa sekondi kapena kuposa limayendera limodzi ndi BP yam'mwamba ya 60 kupita m'tsogolo. Malire amenewa ndi ofunika, chifukwa Doppler imamva ngakhale kayendedwe kakang'ono ka magazi kosakwanira kusunga ubongo. Kafukufukuyu anali wa chipatala chimodzi, ndipo anthu ake anali ozolowera makinawo.

Ngati pamalo panu pali makina ndipo mukufuna kuyamba, wogwira probe asakhale yemwe akutsogolera gulu. Wina aziwerenga mokweza kuchoka pa 10 kutsika, akafika pa 1 manja abwerere pachifuwa, chithunzi chapezeka kapena ayi. Jambulani kavidiyo, mukaonere anzanu atayambiranso. Pukutani jelo pachifuwa kuti manja asaterereke. Monita ikaonetsa VF, pamene mtima ukungonjenjemera osapopa magazi, perekani shoko ya magetsi, probe idikire. Ndipo kupeza carotid ndi femoral yesererani pa anzanu athanzi mpaka dzanja lizolowere, musanayesere pa munthu amene mtima wake waima.