Dipoziti ya nyumba ku Joni: landilodi akakana kubweza

Moni nonse amene mwatchera khutu, kaya muli ku Joni, ku Cape Town, ku Durban, kaya muli kwathu kuno. Gawo la lero ndikujambulira pa Kamwendo, ku Mchinji, m'mbali mwa msewu waukulu, ndiye mukamva njinga zamoto za akabaza zikudutsa mundikhululukire.

Mayi ena a ku Santhe, ku Kasungu, atumiza uthenga wa mawu. Mwana wawo wabwerako ku Johannesburg mwezi watha. Polowa m'chipinda chimene ankachita lendi anapereka dipoziti ya R3,500. Potuluka, landilodi anamuuza kuti khoma lada, chitseko chawonongeka, chotsala adzamutumizira. Mpaka lero foni sakuyankha. Funso lawo ndi lakuti, kodi ndalamayi yapita basi? Amayi, sinapite. Mundilole ndiyambire patali pang'ono, chifukwa pali ana ambiri a ku Kasungu ndi ku Mchinji amene akutaya ndalama m'njira yomweyi.

Kuno kwathu tinazolowera kuti mwininyumba amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, ndipo ndalama ija imatha pamene ukukhala m'nyumbamo. Dipoziti ya ku Joni ndi chikole. Ndalamayo ndi yanube, landilodi wangoisunga kuti mwina mudzasiya ngongole kapena mudzaswa kanthu. Lamulo lake ndi Rental Housing Act, nambala 50 ya chaka cha 1999. M'lamulomo muli mawu oti tenant, koma musaganize za matenanti a pa esiteti ya fodya amene amadikira bwana awawerengere nyengo ikatha. M'lamuloli tenant ndi aliyense wochita lendi, ndipo lamulolo silinena kuti akhale nzika ya South Africa. Ambiri amaganiza kuti limateteza okhala m'mafulati okha. Ayi. Potanthauzira malo okhala, limatchula nyumba, fulati, chipinda, chipinda cha ku hositelo, kanyumba ka kuseri, galaja, ngakhale mkhukhu wa malata. Pangano la pakamwa nalonso limawerengedwa, ndipo mukapempha kuti lilembedwe, landilodi ayenera kulemba.

Dipoziti ija iyenera kusungidwa ku banki mu akaunti yobereka chiwongoladzanja, chosachepera chimene akaunti yosungira ndalama imapereka, ndipo chiwongoladzanjacho ndi chanu. Muli ndi ufulu wopempha umboni wolembedwa wa mmene chakulira. Pa ndalama iliyonse imene mwapereka mufunikanso lisiti yokhala ndi deti, adiresi ya nyumbayo, ndi mawu onena ngati ndi ya lendi kapena ya dipoziti. Apa ndi pamene anthu athu amagwera poyamba. Munthu wapereka ndalama pamanja, pa geti, usiku ataweruka ku ntchito, palibe pepala. Pakatha zaka ziwiri landilodi akuti munapereka R2,000, inu mukuti R3,500, ndipo palibe woweruza angadziwe wonena zoona. Ngati mungathe, lipirani kudzera ku banki n'kulembapo kuti dipoziti. Ngati ndi pamanja, ngakhale pepala la m'kope likwana, bola asainepo, inu mulijambule pa foni nthawi yomweyo.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa mlandu wa dipoziti umapambanidwa kapena kuluzidwa pa kuyendera nyumba. Lamulo limati musanalowe, inu ndi landilodi muyendere nyumbayo limodzi, mulembe zonse zimene zili zowonongeka kale, ndipo mndandandawo uphatikizidwe ku pangano. Musachite manyazi kuti aziti mlendo wavuta. Tsegulani mpopi uliwonse muone ngati ukudontha. Gujumulani chimbudzi. Yatsani mbale zonse za sitovu imodziimodzi. Yang'anani siling'i ngati ili ndi zipsera za madzi, m'makona ngati muli nkhungu, matailosi osweka muwawerenge. Yesani loko wa chitseko chilichonse, ndipo mulembe chiwerengero cha makiyi ndi marimoti a geti amene mwalandira. Jambulani mita ya madzi ndi ya magetsi manambala akuoneka. Kanema wa mphindi zisanu woyenda chipinda ndi chipinda ndi wokwanira. Mukatero tumizani zithunzizo kwa landilodi pa WhatsApp kapena pa imelo tsiku lomwelo, kuti deti likhale mbali zonse ziwiri, ndipo mutumizenso kwa m'bale wina. Mafoni amabedwa, amagwa m'madzi, umboni n'kupita nawo.

Potuluka muyenderanso limodzi, mkati mwa masiku 3 pangano lisanathe, pa nthawi imene nonse mwagwirizana. Kuchokera apo lamulo limamuikira landilodi masiku. Ngati mulibe ngongole ndipo palibe chowonongeka, dipoziti yonse ndi chiwongoladzanja chake ibwere pasanathe masiku 7 pangano litatha. Ngati pali zodula, chotsala chibwere pasanathe masiku 14 kuchokera pamene nyumba yabwerera m'manja mwake. N'chifukwa chake tsiku lopereka makiyi lilembedwe, asaine kuti walandira makiyi angati, tsiku lakuti. Koma ngati anakuitanani kudzayendera inu osayankha, iye amayendera yekha mkati mwa masiku 7 ndipo amakhala ndi masiku 21 obwezera chotsala. Pamenepo mwamupatsa mpata wolemba zimene akufuna popanda womutsutsa.

Pali ndime imodzi imene ndikufuna aliyense aidziwe ngati dzina lake. Landilodi akapanda kuyendera nyumba muli pomwepo, kaya polowa kaya potuluka, lamulo limatenga ngati wavomereza kuti nyumba ili bwino, ndipo ayenera kubweza dipoziti yonse ndi chiwongoladzanja. Sangadzuke patatha sabata ziwiri n'kunena kuti ndapeza chitseko chothyoka. Ndiye inu mukhale woyamba kulemba uthenga: ndikutuluka pa 30, tiyendere nyumba pa 28 kapena pa 29, nthawi iti ikuyenerani? Akapanda kubwera, uthenga umenewo ndiwo mboni yanu. Yenderani nokha ndi mnzanu mmodzi, mujambule kanema nyumba ili yopanda katundu, yosesa ndi yokolopa.

Nanga akhoza kudula chiyani? Lendi yotsalira, mabilu amene pangano linati ndi anu, makiyi otayika, ndi mtengo woyenera wokonzera zimene mwawononga inu kapena alendo anu. Mkangano waukulu umakhala posiyanitsa kuwononga ndi kutha kwa zinthu chifukwa chogwiritsidwa ntchito. Penti kufwifwa patatha zaka zitatu, kapeti kuperepeseka poyenda anthu, mpira wa mu mpopi kutha, giza kuphulika chifukwa chokalamba, denga kudontha mpaka siling'i kuvunda, zimenezo ndi za mwininyumba. Galasi la zenera loswedwa, chitseko chomenyedwa ndi phazi, kabati yopsa chifukwa munatula poto wamoto, siling'i yoda ndi utsi wa pulayimasi kapena mbaula, zimenezo ndi zanu, ndipo ndi bwino kuvomera msanga kusiyana ndi kukana zonse. Munthu wovomera galasi limodzi limene anaswadi amakhulupirika akamakana zinazo.

Ndipo musalandire nambala ya pakamwa. Lamulo limati malisiti a zimene wawonongera pokonza akhalepo kuti muwaone. Tiyerekeze kuti dipoziti ndi R3,500, iye akuti penti R2,000, chitseko R1,500, zakwanirana ndendende. Nambala zikamathera pa dipoziti chonchi, funsani mapepala. Penti wagula malita angati, kuti, wopenta walipidwa zingati? Wapenta khoma limodzi limene linada, kapena nyumba yonse? Chitseko chinafunika kusintha chonse, kapena loko yekha? Chitseko chimene chagwira ntchito zaka khumi sichingalipiridwe ngati chinali chatsopano dzulo. Dipoziti yanu si yomukonzera nyumba kuti akweze lendi kwa wobwera pambuyo panu.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya basi. Mu Novembala ndi Disembala anthu ambiri amabwerera kumudzi, ena kudzadzala, ena ku Khirisimasi. Munthu amagula tikiti ya tsiku lomwelo lopereka makiyi, katundu wamangidwa kale, ndipo landilodi akudziwa kuti mawa lake muli pa Beitbridge, mkucha muli ku Tete. Akungoti pitani bwino, ndidzatumiza. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati n'kotheka, siyani sabata imodzi kapena ziwiri pakati pa kutuluka m'nyumba ndi kukwera basi, mugone kwa m'bale. Musatseke akaunti ya ku banki, musataye simu kadi ya kumeneko, ndipo mumulembere nambala ya akaunti yolandirira kuti asadzanene kuti anasowa kotumiza.

Zolakwika zina ziwiri ndizitchule mwachangu. Kusalipira mwezi womaliza n'kunena kuti adye dipoziti ndi kuphwanya pangano, pokhapokha atavomera molemba. Kutuluka usiku osatsanzika nakonso kumamusiyira ufulu wokutsatani ndi ngongole. Pangano likatha inu n'kupitiriza kukhala mwezi ndi mwezi, chidziwitso chotuluka ndi cha mwezi umodzi, cholembedwa.

Masiku aja akadutsa ndalama osaoneka, yambani ndi kalata. Ikhale yaifupi, yopanda mwano ndi yopanda kuopseza: adiresi ya nyumba, tsiku lolowa ndi lotuluka, kuchuluka kwa dipoziti, zimene mukuvomera kuti adule ngati zilipo, zimene mukukana ndi chifukwa chake, pempho la malisiti ndi umboni wa chiwongoladzanja, nambala ya akaunti, ndi masiku 14 oti alipire. Mutchule gawo 5 la Rental Housing Act. Perekani pamanja asaine pa kope yanu, kapena mutumize pa positi ya rejisitala, ndi pa WhatsApp pomwe. Alandilodi ambiri amafewa akangoona kuti munthu akudziwa masiku ake. Akakutumizirani theka, landirani, koma mulembe nthawi yomweyo kuti chotsala mukuchifunabe. Musasaine pepala lonena kuti nkhani yatha musanaliwerenge, kapena wina amene mumamukhulupirira asanakuwerengereni.

Akakhala chete, pitani ku Rental Housing Tribunal, bwalo loweruza mikangano ya alandilodi ndi ochita lendi, ya chigawo chimene nyumbayo ili. Ya ku Johannesburg ndi Pretoria ndi ya Gauteng, ya ku Cape Town ndi ya Western Cape, ya ku Durban ndi ya KwaZulu-Natal. Kudandaula ndi kwaulere ndipo simufunika loya. Mumadzaza fomu, n'kuphatikiza kope ya pasipoti, pangano ngati lilipo, umboni wa malipiro, zithunzi, mauthenga osindikiza pa pepala, kalata ija, ndi dzina, foni ndi adiresi ya landilodi. Adiresiyo musaipeputse, chifukwa popanda iyo sangamupatse samani. Ngati pangano linali la pakamwa, mnansi amene anaona mukupereka ndalama akhoza kulemba chikalata cholumbira ku polisi. Amayamba ndi mkhalapakati, nonse awiri pa tebulo limodzi. Zikakanika, nkhani imapita kokazengedwa, ndipo chigamulo chake chimakhala ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Kuchinyozera ndi mlandu. Zimatenga miyezi, ndiye sungani nambala ya dandaulo lanu ndipo muzifunsa pafupipafupi. Pa tsikulo sanjani mapepala motsata madeti, chithunzi cha polowa pambali pa cha potuluka, khoma lomwelo, chitseko chomwecho.

Njira ina ndi Small Claims Court, khoti la milandu ya ndalama zochepa, limene malire a ndalama zodandaulira anakwezedwa kufika R20,000 mu 2019. Kumenekonso kulibe maloya, ndipo amafuna kuti muyambe mwapereka kalata ya masiku 14 ija. Koma kumeneko mumafunika kuima nokha pamaso pa komishinala, amene ndi woweruza wa khotilo, choncho sankhani njira imodzi malinga ndi kumene muli.

Tibwerere kwa inu amayi a ku Santhe. Ngongole yamtundu uwu ku South Africa imatha mphamvu pakadutsa zaka 3, ndiye nthawi ilipo, koma asachedwe. Mwana wanu akhale pansi lero afufuze mu foni: uthenga uliwonse wotchula dipoziti, umboni wa banki, chithunzi chilichonse chimene anajambulidwa ali m'chipindamo, ngakhale cha pa tsiku la phwando, bola khoma ndi chitseko zikuoneka. Akumbukire ngati landilodi anayenderapo chipindacho iye ali pomwepo, polowa ndi potuluka. Ngati sanatero, ndime ija ili kumbali yake, ndipo ailembe poyambirira penipeni pa kalata. Kalatayo aitumize pa WhatsApp kuchokera konkuno, ina apereke pamanja m'bale amene ali ku Johannesburg, pamaso pa mboni. Masiku 14 akatha, amulembere m'baleyo kalata yomupatsa mphamvu zomuimira, aphatikize kope ya pasipoti, m'baleyo apite nazo ku ofesi ya Tribunal ya Gauteng akatsegule dandaulo. Mauthenga a mawu amene landilodi anatumiza onena kuti ndidzatumiza chotsala asawafufute, chifukwa m'mawu amenewo wavomereza yekha kuti ndalama ya mwana wanu ali nayo.