Wothamanga Akayamba Kudzandira, Muimitseni: Mawu a Pamsonkhano Wokonzekera Mpikisano wa Marathoni

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu onse, atsogoleri a mipingo, amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko. Ndapatsidwa mpata woti ndiyankhule za mpikisano wothamanga umene tikukonza mwezi wamawa wa July, koma sindiyamba ndi nkhani ya mphoto ayi, chifukwa nonse mukudziwa chimene chachititsa kuti a Gulupu aitanitse msonkhano uno. Loweruka lapitali, pa tsiku loyeserera, mnyamata wathu wina adagwa pafupi ndi mlatho wamitengo wa kudambo kuja, ndipo adakafika kuchipatala asakudziwa kanthu. Tikuthokoza Mulungu kuti adatuluka ndipo ali kunyumba. Dzina lake sinditchula, chifukwa cholakwa chachikulu pa tsikulo chidali chathu, ife amene tidali m'mbali mwa njira.

Ndafunsa anthu angapo amene adamuona, ndipo onse akunena zofanana. Asadafike pamsika, mnyamatayo adali atayamba kale kudzandira ngati munthu woledzera, moti ena adamuseka nkumati wagona kumowa. Adafunsa mayi wina kuti njira yalowera kuti, chonsecho adaima pamsewu umene wauyenda kuyambira ali mwana. Ndiye ife tidachitapo chiyani? Ana adathamanga naye limodzi akukuwa kuti alimbe mtima, watsala pang'ono, ndipo akuluakulu ena adamuombera m'manja, wina mpaka kumukankha kumsana kuti apitirire. Ndikudziwa kuti mudachita izi chifukwa chomukonda, koma chikondi chimenecho chidatsala pang'ono kutiutsira maliro. Choncho mawu amene ndabwera nawo ndi awa, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane: wothamanga akayamba kudzandira, kapena kuyankhula zosamveka, mpikisano wake wathera pomwepo, muimitseni.

Ndifotokoze chifukwa chake. Miyendo ikatopa, munthu amadziwa yekha kuti watopa, ndipo amatha kusankha kuyenda kapena kukhala pansi. Koma vuto likafika kumutu, chimene chasokonezeka ndi nzeru zomwezo zimene zikadamuuza kuti aime. Munthu wotero mukamufunsa ngati ali bwino, amayankha kuti ali bwino, ndipo nthawi zina amakalipa kumene. Apa mpamene inu oonerera mumayenera kumuganizira. Mufunseni dzina lake, mudzi wake, ndi tsiku la lero. Akachedwa kuyankha kapena akayankha zosemphana, musamulole kupitirira, ngakhale atakhala kuti ndiye akutsogola.

Ambiri mwalembetsa musadauganizire bwino mtunda umenewu. Marathoni ndi makilomita 42 ndi mamita 195, ndipo ngati mukufuna kuuona m'maso, ndi chimodzimodzi kuzungulira bwalo la masewero la mamita 400 maulendo 105 ndi theka. Thupi la munthu limasunga mphamvu ya shuga m'minofu ndi m'chiwindi, koma nkhokwe imeneyi kwa anthu ambiri imayamba kuuma akafika cha pa makilomita 30, ndipo apo miyendo imalemera ngati mwaimangirira njerwa. Izitu zimachitika ngakhale pamsewu watala wosalala, kumene phazi limatera mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Njira yathu ino ilibe tala ngakhale pang'ono. Mudutsa mumchenga wa kumtsinje umene umameza phazi, mukwera chitunda cha m'nkhalango muli mizu ndi miyala, mudzera m'mphepete mwa minda ya tiyi pamene katondo amaterera kukangowaza pang'ono, ndiponso muoloka malo amene madzi a namondwe wa Freddy adasiya zigwembe mu March 2023, zomwe mpaka pano sizidakwiriridwe zonse. Panjira yotere maso sapuma, akakolo sapuma, ndipo nthawi imene mumathera pa kilomita imodzi pabwalo la sukulu musaiwerengere konse.

Chimene chimapusitsa achinyamata ndi mtsetse. Munthu akamaliza chitunda amasangalala nkudziponya ndi liwiro lonse, osadziwa kuti kutsetsereka ndiye kumapweteka kwambiri minofu ya m'ntchafu, chifukwa phazi lililonse likatera minofuyo imagwira ntchito ya mabuleki. Ululu wake sumveka pomwepo, umadzabwera patsogolo pamene njira yawongoka. Potsika fupikitsani mapazi ndipo maso ayang'ane patsogolo pang'ono pamene muti mupondepo. Pokwera chitunda chachikulu palibe manyazi kuyenda, akatswiri a mipikisano ya m'mapiri amayenda ndithu, manja ali pamaondo. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika, ndipo panjira ya fumbi mwambi umenewu umapherezeka msanga.

Tsopano ndinene za nyengo, chifukwa kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje July ali ndi nkhope ziwiri. Tsiku lina dzuwa limaswa mtengo pofika masana, tsiku lina chiperoni chimatsika ndi nkhungu, mvula yowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Mnyamata wathu adagwa ndi kutentha, chifukwa adanyamuka dzuwa litakwera, komanso tamva kuti adali atangomaliza kumene mankhwala a malungo. Koma kuzizira nako kumapha wothamanga, ndipo kumapha anthu olimba. Pa 22 May 2021, m'chigawo cha Gansu ku China kudali mpikisano wa makilomita 100 wodutsa m'mapiri. Adanyamuka anthu 172, ambiri atavala makabudula ndi malaya opepuka. Ali pamwamba nyengo idatembenuka, kudagwa matalala ndi mvula yozizira, kudaomba chimphepo, ndipo anthu 21 adamwalira, ena mwa iwo akatswiri odziwika m'dziko lawo. Anthu asanu ndi mmodzi adapulumuka chifukwa mbusa wina wa ziweto adawalowetsa m'phanga nkuwakolezera moto. Taonani kuti amene adawapulumutsa adali munthu wamba wa m'mbali mwa njira, ngati inuyo.

Chimene ndikufuna mugwire ndi chakuti kutentha ndi kuzizira kumaonetsa chizindikiro chimodzi, ndicho kusokonezeka mutu. Wothamanga akayamba kudzandira, muimitseni kaye, kenako mukhudzeni. Ngati thupi likuotcha, mugonekeni pamthunzi, mumuvule zomuthina, mumuthire madzi ozizira thupi lonse makamaka m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, ndipo muzimukupiza osalekeza pamene wina akuitana thandizo. Kumuziziritsa kuyambe pomwepo, musadikire kuti afike kaye kuchipatala. Ngati thupi lazizira ndipo akunjenjemera, muchotseni pamphepo, mumuvule zonyowa, mumufunditse bulangete kapena zitenje zouma, ndipo ngati akudziwa bwino zimene zikuchitika mumupatse tiyi wofunda wa shuga. Kachasu ayi, abambo, ndikuona ena mukumwetulira. Mowa umapangitsa munthu kumva ngati wafunda pamene thupi likutaya kutentha kwake. Ndipo munthu amene wakomoka musamuthire chilichonse m'kamwa, chifukwa chingalowere m'mapapo. Mugonekeni chammbali.

(Apa bambo wina wachikulire adakweza dzanja nkunena kuti: "Pepani achimwene, ndikuduleni. Anyamata onyamula katundu wa alendo kuphiri kuno amathamanga mpikisano wawo chaka ndi chaka, ena atavala nkhwaira kapenanso opanda nsapato. Nanga iwowo bwanji sitimva kuti agwa? Kodi simukungowaopseza ana athuwa?")

Zikomo bambo, mwafunsa funso limene ambiri ali nalo mumtima. Mpikisano umene mukunenawo, wa Porters Race, ndimaulemekeza kwambiri. Udayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati wa anthu onyamula katundu ndi operekeza alendo, umayambira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya nkutsikiranso ku Likhubula, ndipo opambana amaumaliza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka, pamene mlendo woyenda mwachifatse amathera tsiku lathunthu panjira yomweyo. Koma tiyeni tione zinthu ziwiri. Choyamba, mtunda wake ndi makilomita opitirira 20 pang'ono, kutanthauza pafupifupi theka la umene ife tikukonza. Ndi wovuta chifukwa cha kukwera, koma wothamanga waluso amafika nkhokwe ya mphamvu ija isadaumiretu. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, anyamata amene ajatu amakwera phiri mlungu ndi mlungu atasenza katundu wolemera, kwa zaka zambiri. Mapapo awo, akakolo awo ndi zikhatho za kumapazi kwawo zidaphunzira kalekale. Amadziwa mwala umene umaterera, amadziwa pamene pali madzi, ndipo akayang'ana mtambo pamwamba pa Chambe amadziwa chimene chikubwera. Kukonzekera kwawo ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku.

Za nsapatozo, nzoona kuti munthu angathamange marathoni wopanda nsapato. Abebe Bikila wa ku Ethiopia adapambana pa masewero a Olimpiki ku Rome mu 1960 ali chosavala kumapazi. Koma iyeyo adali atazolowera kuthamanga motero, ndipo patatha zaka zinayi adakapambananso ku Tokyo atavala nsapato. Phunziro lake ndi lakuti phazi lithamange ndi chimene lidazolowera. Ine ndemwe ndidalakwapo pamenepa ndili mnyamata. Ndidagula nsapato zokongola pakaunjika kutatsala tsiku limodzi, ndidazisunga kuti anthu akazione pa tsiku la mpikisano, ndipo pofika pakati pa njira matuza adali ataphulika m'mapazi onse awiri. Ndidamaliza nsapato zili m'manja, ana akundiseka, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chidachoka patapita mlungu. Choncho bambo, sindikuwaopseza ana athu. Ndikungonena kuti mnyamata amene amakhala pabawo masiku asanu ndi limodzi, nkumenya mpira Lamulungu lokha, asadziyerekeze ndi munthu amene amasenza katundu mpaka ku Lichenya. Ndiwonjezere kuti ngakhale wonyamula katundu wodziwika bwino, tsiku limene wayamba kudzandira panjira yathu, timuimitsa chimodzimodzi.

Amayi amene mudzakhale pamalo operekera madzi, ntchito yanu ndi yaikulu kuposa kudzaza makapu. Inu ndi amene mudzaone nkhope ya wothamanga aliyense pafupi, ndiye muzimuyankhula kuti mumve mmene akuyankhira. Madzi akhale owiritsa kapena othira mankhwala, m'zidebe zovindikira, ndipo kapu ikhale yotungira yokha. Musamukakamize munthu kumwa madzi ochuluka pamalo aliwonse, chifukwa thukuta limatuluka ndi mchere, ndipo amene akungodzaza madzi okhaokha kwa maola ambiri mchere wa m'magazi umasungunuka, mutu umayamba kuwawa, amasanza, mwinanso kukomoka kumene. Amwe monga mwa ludzu lake. Pakhale Thanzi ORS, ndipo ikasowa sakanizani lita imodzi ya madzi abwino ndi masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Nthochi zakupsa ndi mbatata yophika zimabwezera mphamvu popanda kuvutitsa m'mimba. Ndichenjezenso achinyamata amene mumamwa bufeni musadanyamuke kuti musamve ululu: mankhwala amenewo, thupi likauma madzi, angathe kuononga impso, ndiponso amabisa ululu umene ukadakuuzani kuti mwavulala.

Ndikuona dzuwa lapendeka ndipo ena mwayamba kuyang'ana kunjira, ndiye zotsalazi ndinena mwachangu. Amene wadwala malungo, kutsegula m'mimba kapena kutentha thupi m'masiku oyandikira mpikisano asathamange, ndipo makolo mutiuze ngati mwana akubisa. Amene ali ndi vuto la mtima, la kuthamanga kwa magazi kapena la shuga ayambe waonana ndi achipatala. Amene sadathamangepo mtunda wautali pokonzekera alembetse mtunda waufupi, chifukwa mwezi umodzi sukwanira kukonzekera makilomita 42. Mlungu womaliza muchepetse kuthamanga, mudye nsima yanu ya masiku onse madzulo ake, ndipo m'mawa mudye chopepuka kutatsala maola awiri kapena atatu. Tidzanyamuka kukangocha, ndipo aliyense adzanyamule chovala chotchinga mphepo. Kuseri kwa nambala yanu mulembe dzina ndi foni ya m'bale wanu. Chiperoni chikadzakula tidzafupikitsa njira kapena kusintha tsiku, ndipo pamenepo pasadzakhale mkangano.

Eni agalu, amangeni kuyambira usiku wake, ndipo mbuzi zisadzamangidwe ndi chingwe chodutsa panjira. Ana asazule zizindikiro zimene tidzamange m'mitengo, chifukwa munthu wotopa akasochera m'nkhalango muja kumupeza nkovuta. Apolisi a m'mudzi adzaima pamphambano zonse, ndipo pambuyo pa wothamanga womaliza padzakhala anthu awiri oyenda kuti pasatsale munthu m'njira. Galimoto ya odwala singadutse mlatho wa kudambo, ndiye kuyambira pamenepo mpaka kunkhalango tidalira machira ndi njinga zamoto. Komaliza ndibwerezenso, ngakhale akhale mwana wanu, ngakhale mzere womalizira ukuonekera apo, akadzandira kapena kuyankhula zosamveka, muimitseni.

A Gulupu, ndabweza mpando kwa inu. Anyamata a kabaza wa njinga zamoto pamodzi ndi alangizi a zaumoyo musachoke, tikumane pansi pa mtengo wa mango uwo kuti tigawane malo oima ndi kulemberana manambala a foni.