Makalata a Omvera: Ana Athu ku Kwaya, pa Boti ndi pa Bwalo la Mpingo

Mwaswera bwanji nonse a m'Chigwa cha Shire, kuyambira ku Chapananga mpaka ku Marka, ndi inu a tsidya la East Bank amene mwatulutsa wailesi pa mphasa chifukwa m'nyumba simukukhalika ndi kutentha. Sabata yatha ndinapempha kuti mundilembere za ana ndi achinyamata m'mipingo mwathu, ndipo makalata abwera ochuluka, ena pa pepala long'amba m'kope, ena pa WhatsApp. Takhuta. Mayina a anthu ndi a mipingo sinditchula, paja kuno timadziwana.

Yoyamba yachokera kufupi ndi Ngabu.

"Ine ndine mayi wa ana 5. Wachiwiri, mtsikana wa zaka 14, amaimba kwaya ya achinyamata kumpingo kwathu. Wotsogolera kwayayo ndi bambo wapabanja, waulemu, pamaliro sasowa. Akuti masana kumatentha, ndiye amaphunzira nyimbo kuyambira 5 koloko mpaka mdima. Akaweruka, anzake amabwera wapansi, koma wangayu bamboyo amamukweza pa njinga, ndipo amafika anzakewo atafika kale. Mwezi watha ndinapeza kafoni m'chikwama chake cha kusukulu, akuti anamupatsa kuti azimverapo nyimbo. Sopo ndi mafuta odzola sakundipemphanso. Bambo akunyumba akuti ndisanyoze munthu wa Mulungu. Kodi ndikulakwa kukayika?"

Mayi, simukulakwa. Yankho mwalilemba nokha: wa pa njinga akufika pambuyo pa oyenda wapansi. Njinga yake yotani imeneyo?

Sindinganene kuti bamboyo wachita chakutichakuti, poti sindinaone. Koma zimene mwatchulazi zimakonda kuyenda motsatana. Asodzi a m'Shire amati ng'ona sigwira tsiku loyamba. Imayamba yaphunzira dooko, kuona amene amabwera yekha kudzatunga madzi ndi nthawi imene amabwera. Wofuna kuononga mwana nayenso sapupuluma. Amayamba wakonza mbiri yake kwa makolo. Kenako amapatula mwana mmodzi pagulu, kumuuza kuti mawu ake ndi okoma kuposa a anzake, kumupatsa timphatso, ndi kachinsinsi pamwamba pake: "usawauze amayi, angakulande." Mwana amene wasunga chinsinsi cha foni waphunzitsidwa kale kusunga chinsinsi chachikulu. Zikafika poipa amadziona ngati ali ndi ngongole, mwinanso ngati wolakwa ndi iyeyo, ndiye amangoti duu.

Choncho musayambe ndi chikoti. Mukamumenya chifukwa cha foniyo, mwatseka pakamwa pamene mukufuna kuti patseguke. Khalani naye awiri, kaya mukupeta mapira kaya mukuchapa, mumuuze kuti chilichonse chimene anganene simumukalipira. Mauthenga a m'fonimo muwerenge, ndipo musafufute ngakhale umodzi. Kuyambira lero azibwera ndi anzake, kapena muzikamutenga nokha. Kenako tengani amayi anzanu awiri kapena atatu amene ana awo ali m'kwayamo, mupite kwa abusa mukapemphe zinthu ziwiri: kwaya iziweruka dzuwa lisanalowe, ndipo pazikhala mayi wamkulu nthawi zonse. Kutentha kwa Okutobala tonse tikukudziwa, koma mthunzi wa mtondo ulipo, ndipo Loweruka m'mawa nyimbo zimaphunzirika bwinobwino.

Mwana akaulula kuti anagwiridwa, musakayambe kwa ankhoswe kapena kwa abusa. Thamangirani kuchipatala. Mankhwala oteteza ku HIV, aja amati PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo achipatala alinso ndi mapiritsi oletsa mimba a pangozi. Zovala zimene anavala musachape. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit. Ngati simukudziwa poyambira, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Bambo akunyumba, ngati muli pafupi ndi wailesi, ndikufunseni chimodzi. M'kwayamo muli ana amasiye osowa sopo. Bwanji chifundo chonsechi chikugwera mwana wanu yekha, ndipo bwanji sichinadzere m'manja mwanu?

Yachiwiri yachokera ku East Bank, cha ku Muona.

"Ndine wapampando wa achinyamata pampingo pathu. Tikufuna kupita ku msonkhano wa achinyamata ku Bangula, masiku atatu, anthu 40, ena a zaka 12. Kuzungulira pa Thabwa ndi pa mlatho wa Kamuzu ndalama ya lole sitingakwanitse, ndiye tiwoloka pa boti. Tikagona m'makalasi a sukulu. Makolo ena akukaniza ana awo. Ndiwanyengerere bwanji?"

Achimwene, musawanyengerere. Apatseni mayankho. Makolo amenewo anaona madzi a 2015, anaona namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, ndipo akudziwa kuti pa dooko la Mtayamoyo sipowolokera mwachibwana. Aitaneni pambuyo pa mapemphero muwauze boti lake ndi la yani, limanyamula anthu angati, ndipo muwoloka maulendo angati. Mwini boti akati "kwerani nonse, tikwana," inu mukane, ngakhale zitanthauze kulipira kawiri. Wolokani m'mawa, osati chakumadzulo mphepo itayamba ndi mvuu zitadzuka. Boti lililonse mukhale wamkulu, ndipo ana asamalowetse manja m'madzi. Ngati majaketi oyandamitsa angapezeke, ayambe kuvala ang'onoang'ono. Mvula ikagwa kumtunda, Ruo amadzaza ngakhale kuno kuli ng'aa, choncho tsiku likhoza kusintha, ndipo zimenezo muwauziretu.

Lembani mayina a ana onse m'kope, ndi nambala ya kholo kapena ya mnansi amene ali ndi foni. Muziwawerenga pokwera, potsika ndi pogona. Atsikana kalasi yawo ndi amayi osachepera awiri, anyamata yawo ndi abambo awiri, ndipo mtsogoleri asakhale ndi kachipinda kakekake koitanirako ana kuti akawapempherere. Usiku kuchimbudzi azipita awiriawiri ndi tochi. Nyamulani maneti a udzudzu ndi klorini wothira m'madzi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo imakonda malo amene anthu ambiri akumwera mtsuko umodzi. Kholo limene likukayikabe, lipempheni lipite nawo ngati matroni. Mudzaona kuti okaniza kwambiri aja ndi amene amalondera bwino.

Tsopano iyi ndi yolemera. Yachokera ku Nsanje, ndipo ndaifupikitsa.

"Ine ndine mkulu wa mpingo, zaka zanga ndi 63. Mphunzitsi wina wa kalasi ya ubatizo anapereka mimba kwa mtsikana wa zaka 15. Tinakhala pansi akuluakulu, iye anavomera ndi misozi. Tinamuimitsa pa udindo ndi pa mgonero kwa chaka. Anapereka mbuzi 3 ndi ndalama kwa makolo, ndipo walonjeza kumukwatira akabereka. Makolo anavomera. Tsopano mayi wina wa m'chigwirizano cha amayi akuopseza kuti akanena kupolisi. Kodi Malemba sanena kuti abale asatengerane kumabwalo a akunja? Dzina la mpingo lidzakhala pati? Munthuyu ndi mphwake wa amene anatipatsa malata a tchalitchi."

Bambo, ndikulemekeza imvi zanu, ndipo ndikuthokoza kuti simunabise za malatazo. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Vuto lanu lagona pamenepo, ndipo mukulidziwa.

Koma ndanena nanu mosapsatira: mayi amene mukuti akuopsezayo ndi yekhayo amene akuyenda m'njira. Kugona ndi mwana wa zaka 15 si chigololo cha akulu awiri chimene bwalo la mpingo lingaweruze. Ndi mlandu waukulu pa malamulo a dziko, ndipo chilango chake chimatha kufika pokhala kundende moyo wonse. Kaya mtsikanayo "anavomera", kaya makolo alandira mbuzi, mlanduwo suchoka. Ngakhale amfumu alibe mphamvu youthetsa pabwalo lawo. Ukwati umene mukuuona ngati mankhwalawo nawonso ndi woletsedwa: lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, kutseka mpata uja woti makolo akavomera ndiye kuti zatheka. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limatinso munthu wa m'mudzi akadziwa kuti mwana akuchitidwa nkhanza, akanene kwa amfumu, kupolisi kapena kwa a zachisamaliro cha anthu. Akuluakulu a mpingo sanapatulidwe pa lamulolo.

Za Malemba, inu mumawadziwa kuposa ine. Pa 1 Akorinto 6 Paulo akudzudzula abale osumirana pa nkhani za kudyerana ndi kulandana zinthu. Paulo yemweyo pa Aroma 13 akuti wolamulira ndi mtumiki wa Mulungu wolanga ochita zoipa. Ndipo pa Mateyu 18 mukudziwa chimene Ambuye ananena za wolakwitsa kamwana, kuti kukanamukomera kumangiriridwa mphero m'khosi. Ife a kuno amene tinakula tikuona agogo akupera mchewere, kulemera kwa mphero sitichita kufunsa.

Kulapa kwa munthuyo sindikukukana. Akhoza kulapa, mukhoza kumamuyendera ndi kumupempherera kulikonse kumene khoti lingamutumize. Koma m'kalata yanu yonse ndawerenga za misozi ya mphunzitsi, za mbuzi, za malata, za dzina la mpingo. Za mtsikanayo mwalemba mzere umodzi. Wayamba sikelo? Wayezedwa magazi? Thupi la zaka 15 pobereka limakumana ndi zoopsa, matenda a fistula ndi amodzi mwa izo, ndiye afunika kuonedwa ndi achipatala msanga. Sukulu nayo isathere pamenepa, poti ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka. Nanga ana ena a m'kalasi ya ubatizoyo mwawafunsa? Anthu otere kawirikawiri sayambira pa amene waonekera mimbayo. Chaka chikatha mudzamubwezera kalasi yomweyo?

Mukuopa kuti anthu adzati mpingo wakutiwakuti muli fisi. Adzanenadi, sabata ziwiri kapena zitatu. Koma nkhani imene mayi mmodzi akuidziwa kale, pamjigo yafika kale. Chimene chatsala ndi chakuti anthu adzamve kuti akuluakulu anaperekeza okha nkhaniyo kupolisi, kapena adzamve kuti anaikwirira ndi mbuzi 3. Mawa m'mawa mutengane ndi mayiyo ndi makolo a mwanayo, mupite limodzi. Malata amagulidwa ena, bambo.

Yomaliza lero ndi yaifupi, yochokera ku Nchalo.

"Ndakhala ndikuphunzitsa Sande Sukulu zaka 11 popanda kulandira kanthu. Tsopano mpingo wakhazikitsa lamulo loti mphunzitsi asamakhale yekha ndi ana, ndipo akufuna kalata ya amfumu yondichitira umboni. Zandiwawa. Kodi tonse tasanduka afisi?"

Ayi aphunzitsi, simunasanduke fisi, ndipo zaka 11 za ntchito yongodzipereka si masewera. Koma taganizani za chopereka cha Lamulungu. Msungichuma amawerenga ndalama pali anthu awiri kapena atatu, ndipo palibe amene amati watukwanidwa kuti ndi wakuba. Timachita zimenezo pa makwacha. Lamuloli likapatula anthu odziwika ngati inu, mawa lidzapatulanso wina wodziwika amene sali ngati inu, chifukwa pamaso onse amaoneka aulemu. Ndiponso likutchinjiriza inuyo: tsiku limene wina adzakunenereni bodza, padzakhala munthu woti "ndinalipo." Si mpingo wanu wokha. Mu 2019 Papa Francis analamula kuti madayosizi onse a Katolika akhale ndi njira yodziwika yolandirira madandaulo a nkhanza zotere, ndipo ansembe ndi masisteri akamva nkhani azikanena kwa akuluakulu awo.

Inu amene ana amakukhulupirirani, pali ntchito imene mungaigwire kuposa aliyense. Aphunzitseni kuti thupi lawo lili ndi malo amene munthu sayenera kugwira, kaya ndi amalume, kaya aphunzitsi, kaya abusa, ndipo kuti wamkulu akati "usauze munthu," pamenepo ndi poyenera kukauza amayi. Nambala ija ya 116 ailoweze ngati vesi. Kalata ya amfumuyo katengeni, mukhale woyamba kuipereka.

Nthawi yatithera. Pali kalata ya agogo a ku Makhanga yofunsa za ana ogona m'matchalitchi madzi akasefukira, mabanja ambiri chipinda chimodzi. Imeneyo ndi yaitali, tidzayamba nayo sabata yamawa. Tsalani bwino.