Alessandro Woyera amene amayang'anira Bergamo

Moni nonse omvera, a kumudzi ndi a kunja komwe. Ndikulankhula kuchokera ku Bergamo, kumpoto kwa Italy, kumene ndimagwira ntchito yosamalira agogo ena, ndipo lero ndikufotokozerani za chiboliboli chimene chaima pamwamba pa tchalitchi chachikulu cha mzinda wakale wa paphiri, wotchedwa Città Alta.

Chibolibolicho ndi cha Alessandro Woyera, nkhoswe ya mzindawu, amene anamuumba atavala za usilikali, mbendera ili m'manja, thupi lonse likunyezimira golide. Mbiri ya mpingo imati anali msilikali wa Aroma amene anadulidwa mutu cha m'ma 303 chifukwa chokana kutaya chikhristu, ndipo chikondwerero chake chimachitika pa 26 Ogasiti.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zimene zinachitikira manda ake. Mu 1561, olamulira a ku Venice atayamba kumanga malinga ozungulira phirili, anagwetsa tchalitchi chakale chimene chinamangidwa pamandapo, koma anthu sanalole kuti woyera wawo atayike pamodzi ndi zibuma. Ananyamula mafupa ake n'kuwalowetsa mkati mwa mzinda, m'tchalitchi cha Vincenzo Woyera, chimene pambuyo pake chinatenga dzina la Alessandro, ndipo ndicho tchalitchi chachikulu chija. Pamalo akalewo, kunja kwa chipata cha Porta Sant'Alessandro, paima chipilala chimodzi chokha, ndipo alendo ambiri amachidutsa osacheuka n'komwe pothamangira kukajambula malingawo, amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 2017.

Chapafupi, pabwalo la Piazza Vecchia, pali nsanja ya Campanone, imene belu lake limalira ka 100 nthawi ya 10 koloko usiku uliwonse, monga linkachitira kale pochenjeza anthu kuti zipata zikutsekedwa. Agogo amene ndimawasamalira aja akalimva amaika kolona wawo patebulo n'kundipempha kuti nditseke mawindo.

Kwa ife Amalawi, dzinali si lachilendo. Maepiskopi awiri oyamba a dayosizi ya Mangochi, Ambuye Alessandro Assolari ndi Ambuye Alessandro Pagani, onse a chipani cha Montfort, anabadwira m'midzi ya m'chigawo cha Bergamo chomwechi. N'chifukwa chake ndikatchula Malawi pambuyo pa Misa, nthawi zambiri papezeka wachikulire wina wondigwira dzanja n'kundifunsa za Balaka, poti m'bale wake kapena wansembe wa kwawo anakagwirako ntchito.