Shaka wakoyu wanenepetsa, mphwanga

Halo mphwanga, ndi ine. Zithunzi zija za makhadi a gemu ya asilikali akale imene ukupanga ndaziona, ndiye ndati ndingolankhula, zala zauma ndi chisanu cha ku Johannesburg kuno. Kujambula ndiye umatha, chishango cha Mngoni chija wachitulutsa ngati cha ku ingoma. Koma manambalawa, aaa, gemu wayipha wekha. Ndiye ukudabwa kuti anzako a ku Ndirande sakubweranso? Aliyense akulimbirana Shaka, amene watsala ndi wa uta uja amangokhala kudikira imfa.

Tawonkhetsa zimene wam'patsa Shakayo. Zikukwana mapointi 35, anzake onse ali ndi 18. Uzichita chonchi: msilikali aliyense thumba lake ndi mapointi 20 basi, ngakhale akhale mfumu. Mapointiwo uwagawe pa moyo, kumenya, chishango, liwiro ndi mtunda umene chida chake chimafika. Ukawonjezera kwina, uchotse kwina. Ndipo pofooka pa munthu usachite kupeka, mbiri yake ikuuza yokha. Asilikali a Shaka ankadziwika ndi mkondo waufupi wobaya, iklwa, ndi chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe. Mkondo waufupi ndiye kuti mpaka ufike pamphuno pa mdaniyo. Mtunda wake ndi bokosi limodzi la pa bwalo la gemuyo, osati asanu wam'lemberawo. Mzulu kapena Mngoni muike moyo 10, kumenya 4, chishango 2, liwiro 3, mtunda 1. Werenga, ndi 20.

Chishangocho ndiye pandidandaulitsa kwambiri. Mukuponya madayisi awiri eti, ndipo kuti umenye pafunika 7 kapena kuposa. Madayisi awiri amagwa m'njira 36, mwa izo 21 zimakwanitsa 7 kupita m'mwamba. Chishango cha 1 chikweza kufika pa 8, njira zitsala 15. Cha 2 ndi pa 9, zitsala 10. Iwe Shaka wam'patsa 4, ndiye kuti pafunika 11, njira zitatu zokha. Munthu aponye kakhumi ndi kawiri kuti am'khudze kamodzi! Mpaka nsima kuzizira. Chishango chisapose 2, kwa wina aliyense, chifukwa pointi imodzi pamenepo imalemera kuposa pointi ya moyo.

Ndisanaiwale, amayi akuti ukumagona mochedwa kudula makatoni patebulo lodyera, ndipo lumo lawo losokera lasowa. Ubweze. Mayeso a MSCE sadikira Shaka. Achemwali nawo akuti wawadyera bandulo potsitsa zithunzi za asamurai, ine nkhani imeneyo sindiilowa, mukambirane nokha.

Ndinali pati... eya, wa uta. Mchewa wa uta ndi mivi ya ulembe muike moyo 9, kumenya 2, chishango palibe, liwiro 3, mtunda 5, pointi yotsalayo agulire ulembewo. Muvi ukalasa, wolasidwayo azitaya moyo umodzi ulendo uliwonse kwa maulendo atatu. Koma ulembe usamaunjikane, akalasidwanso uzingoyambira pachiyambi, apo ayi mivi itatu ipha njovu. Chinanso chimene chimavuta: liwiro lake ndi lofanana ndi la Mngoni, ndiye akhoza kumangolasa akubwerera m'mbuyo mpaka kalekale osagwidwa. Ika lamulo loti ulendo umene walasa, ayende bokosi limodzi lokha. Bwalo lako likhale mabokosi 10 mbali zonse, kuti wothawa khoma lim'peze.

Tsopano Myao wa mfuti ya gogodela, za kugombe zija ankasinthanitsa ndi minyanga. Anzako akuti ndi woopsa chifukwa cha kumenya kwake kwa 7 kuja, koma masamu akukana. Mfuti imeneyo umathira onga kukamwa kwake, kuika chipolopolo, kutsendera ndi ndodo, ndiye kuwombera kamodzi, maulendo awiri akudzaza. Tenga 7, uchulukitse ndi 21, ugawe ndi 36, ukupeza 4 ndi kanthu. Ugawenso ndi maulendo atatuwo, ndi pafupifupi 1.4 pa ulendo. Mngoni akafika pafupi akuchotsa 2.3 ulendo uliwonse. Waona? Wamfutiyo ndi wofooka, osati wamphamvu. Muike moyo 8, kumenya 7, liwiro 2, mtunda 6, zikwana 23, koma kuchedwa kudzazako kum'bwezere mapointi atatu. Chipolopolo chisamaone chikopa cha ng'ombe, kwa iye pa madayisi pazifunika 7 basi ngakhale wina ali ndi chishango. Wowomberedwa agwe, ataye ulendo umodzi. Ndipo ayambire kuseri kwa linga, loti kulidumpha kudye ulendo wathunthu. Khadi la mvula lija usalitaye, ndalikonda: onga ukanyowa pafunika 9. Ungolitcha chiperoni, aliyense wa m'Blantyre amva. Eee, ndatchula chiperoni ndakumbuka chimanga chootcha cha pa siteji ya ku Limbe, kuno amachiwiritsa n'kuthira zinthu zosadziwika bwino.

Ukakonza choncho zizungulira zokha. Wachishango apambana wa uta chifukwa mivi ikuthera pachikopa, wa uta apambana wamfuti chifukwa akum'lasa ali kalikiliki kudzaza, wamfuti apambana wachishango, koma pang'ono. Palibe woti aliyense azim'thamangira.

Zamatsenga ndi zabwino, ndi gemu yongopeka, koma aliyense mphamvu yapadera imodzi, yogwira kamodzi pa gemu yonse. Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835 tsiku la kadamsana, ndiye khadi lake likhale limenelo: kwada, ulendo umodzi mivi ndi mfuti zifike theka la mtunda wake. Shaka m'patse nyanga za njati, chifuwa pakati, nyanga zikuzinga mbali. Igwire pokhapokha ali ndi anzake awiri mbali ziwiri za mdani, kumenya kukwere ndi 2. Akakhala yekha ndi munthu wamba. Komanso kumbuyo kwa khadi walemba kuti Shaka anagonjetsa Angerezi ku Isandlwana. Fufuta msanga asanakuseke. Shaka anaphedwa mu 1828 ndi abale ake, Dingane ndi Mhlangana. Isandlwana ndi 1879, nthawi ya Cetshwayo, ndipo Angereziwo anali ndi Martini-Henry yodzazira kumbuyo, si gogodela ayi.

Za Inkosi Gomani Chikuse, amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896, ine ndikuti dekha. Ufumuwo ulipo mpaka lero ku Ntcheu, ndipo m'kalasi mwako muli a Maseko. Usawapange chilombo chotulutsa moto m'kamwa. Ungolemba kuti msilikali wa Amaseko, dzina lisiye. Zilombo za Gule Wamkulu ndiye usayerekeze n'komwe kuziika ngati adani oti aziphedwa, malume akamva sitigona. Ukafuna kuona zida zakale ndi maso, kwera minibasi upite ku Museum ya ku Chichiri ndi kope lako, osangodalira intaneti.

Kuyesa tsopano, apa ndi pamene ulesi umagwira anthu. Yamba ndi atatu okhawa, ndi mapeya atatu. Ukathamangira asanu mapeya ndi 10, ukafika khumi ndi 45, sumaliza. Peya iliyonse musewere magemu 20. Khumi ayambe uyu, khumi ayambe winayo, chifukwa ngakhale pa bawo ukudziwa kuti kuyamba kuli ndi phindu lake. Muzisinthananso makhadi, mwina wamphamvu ndi mnzakoyo, osati khadi. Uzilemba wopambana ndi maulendo amene gemu yatenga. Wina akapambana 12 kapena 13, zisiye, m'zunguliro muja ndi momwemo. Akafika 15, sintha chinthu chimodzi, ndi pointi imodzi, muyambirenso. Ukasintha zitatu pakamodzi sudziwa chimene chachiza. Gemu ikamatha m'maulendo atatu moyo wachepa, ikamapitirira 12 chishango kapena moyo wachuluka.

Ndipo chonde, usapite kukasindikiza ndi kumata pulasitiki panopa, manambalawa asintha kangapo. Lemba ndi pensulo pa katoni ya sopo. Ndalama ndatumiza ija ndi ya amayi ya magetsi, si ya makhadi. Ukamaliza magemu 60 oyambawo unditumizire chithunzi cha tsamba la m'kopelo, chooneka bwino, osati chamdima ngati chija. Uwapatse moni amayi, uwauze ndiimba Lamlungu akaweruka ku tchalitchi.